Mabuku Awiri, Funso Limodzi, Wotchi Ikuyenda

Ana anga amene mukukonzekera mayeso a Literature, kaya muli mu Fomu 4 mukudikira mapepala a MANEB, kaya mudafika kale ku yunivesite, tandimverani ndikuuzeni za funso limene limagwetsa ngakhale ana anzeru. Ndi funso lija lofuna kuti mufananitse ndi kusiyanitsa mabuku awiri, kapena ampangankhani awiri, kapena ndakatulo ziwiri, m'chimangirizo chimodzi, wotchi ikuyenda pakhoma. Ine ndaphunzitsa ndi kuchonga mpaka imvi zandimera, ndipo ndikuuzani kuti ambiri amene amagwa pa funsoli si aulesi ayi. Mabuku adawerenga, nkhani akuidziwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma akakhala pa desiki onse amalakwitsa mofanana: amafotokoza buku loyamba lonse, akathana nalo n'kuyamba lachiwiri, ndiye nthawi itawathera amaponyapo mizere itatu yonena kuti mabukuwa penapake akufanana, penapake akusiyana. Basi, pepala latengedwa.

Amene mudakulira kumudzi mukudziwa mmene mlandu umazengedwera pabwalo. Wodandaula amanena zake, woyankha amanenanso zake. Tsono tayerekezani kuti mfumu yaimirira, yabwereza mawu onse a woyambayo, yabwerezanso onse a wachiwiri, kenaka yakhala pansi. Anthu angabalalike akung'ung'udza, poti zimenezo adazimva kale ndi makutu awo. Chimene adasiyira makasu awo n'choti mfumu iwafunse awiriwo funso limodzi, ione pamene mawu awo akugwirizana ndi pamene akusemphana, igamule. Wochonga pepala lanu mabukuwo adawawerenga kale, mwinanso wawaphunzitsa zaka zambirimbiri. Simukumuthandiza pomukumbutsa nkhani. Akudikira chigamulo chanu.

Kuweruza kumeneku sikuyambira m'chipinda cha mayeso. M'menemo mtima ukugunda, woyang'anira akuyendayenda, mnzanu wa pambali wadzaza kale tsamba. Amenewo si malo oti mabuku awiri akumanirane koyamba m'mutu mwanu. Ayenera kukumana kunyumba, milungu ingapo mayeso asanafike, ndipo owakumanitsa ndinu eni ake. Kusukulu buku limodzi limaphunzitsidwa teremu ino, linalo teremu yamawa, manotsi ake m'makope osiyana, motero mwana amafika pa mayeso asanawaganizirepo pamodzi ngakhale tsiku limodzi.

Titenge mabuku awiri amene ambiri a inu mwawagwirapo kusekondale: sewero la Macbeth la William Shakespeare, lolembedwa cha m'ma 1606, ndi The Pearl la John Steinbeck, lomwe lidatuluka mu 1947. Mwana wothamanga amati: Macbeth adali wadyera, Kino adali wadyera, onse awiri dyera lidawawononga. Sadaname kwenikweni, koma yankho lotere aliyense m'holomo alemba lomwelo, ndipo malikisi ake ndi a pakatikati. Tiwaike pabwalo anthu awiriwa, tiwafunse funso limodzi: kodi adali ndi chiyani asanayambe kulakalaka? Macbeth sadali kusowa kanthu. Adali nduna yolamulira dera la Glamis ku Scotland, msilikali wotamandidwa, ndipo Mfumu Duncan idali itangomuwonjezera udindo wa Cawdor. Chimene adachisirira udali mpando wokhala ndi mwini wake, ndipo kuti aupeze adapha mlendo wogona m'nyumba mwake, wachibale wake, mfumu yake. Nanga Kino? Kanyumba ka timitengo, bwato lochokera kwa agogo ake, ndi khanda lolumidwa ndi chinkhanira limene dokotala wa m'tauni ya La Paz ku Mexico adakana kuliona chifukwa bambo wake adalibe ndalama. Ngale ya m'nkhaniyi sadabe, adaivuula yekha pansi pa nyanja. Ataiona adalota zotani? Ukwati wa kutchalitchi, zovala zatsopano, mkondo wolasira nsomba, mfuti, ndi sukulu ya Coyotito, kuti mwanayo adzadziwe kuwerenga ndipo abale ake aleke kunamizidwa ndi anthu ophunzira. Atapita kukagulitsa, ogula ngale, omwe onse adali antchito a bwana mmodzi, adatchula mtengo wa mapeso 1,000 pa chinthu chimene iye ankachiyesa cha 50,000. Tsono dyera la anthu awiriwa n'limodzi? Ine ndikuti ayi. Macbeth adalanda cha mwini. Kino adakana kulandidwa chake, ndipo kukanako n'kumene kudamufikitsa pokhetsa magazi. Mukhoza kutsutsana nane, ndipo ndingakondwe, malinga mubwere ndi umboni. Koma taonani kuti tsopano tili ndi chonena, chimene sichikadatuluka tikadawerenga buku lililonse palokha.

Afunseninso funso lina: akazi awo adaima pati? Lady Macbeth ndiye adasonkhezera moto. Mwamuna atayamba kubwerera m'mbuyo adamunyoza kuti ndi wamantha, si mwamuna. Juana adaona msanga kuti ngaleyo yabweretsa tsoka, adaitenga usiku kuti akaiponye m'nyanja, Kino n'kumutsatira, kumumenya. Mmodzi akukankha, wina akukoka. Apa ana ambiri amaima, okhutira kuti apeza kusiyana. Pitirirani pang'ono muone kumene maukwati awiriwa akukathera. Banja la Macbeth lidayamba lili mutu umodzi, akunong'onezana chiwembu, koma pofika pa imfa ya Banquo, mnzake wa Macbeth, mwamuna sakuuzanso mkazi zimene akukonza, ndipo mkaziyo akutsirizira ali yekhayekha, akuyenda m'tulo, akusamba m'manja mosalekeza. Kino ndi Juana adafika pa nkhonya, koma pobwerera ku La Paz ndi mtembo wa mwana, Steinbeck akutionetsa akuyenda moyandikana, palibe wotsogola, pamene kale mwamuna ankakhala patsogolo mkazi pambuyo. Ogwirizana pa choipa aja adapatukana, osemphana aja maliro adawayanjanitsa.

Ndiye pali nkhani ya ana, imene kwa ine ndiyo yozama koposa. Macbeth alibe mwana womulowa m'malo. Mfiti za m'seweroli zidauza Banquo kuti mafumu adzatuluka m'mbewu yake, kutanthauza kuti ufumu umene Macbeth waphera munthu adzaudya ndi ana a wina. N'chifukwa chake akusaka ana a anzake: Fleance, mwana wa Banquo, akupulumukira mkamwa mwa mbuzi, mwana wa nduna ina, Macduff, akuphedwa amayi ake akuona. Kino zonse akuchitira mwana wake, ndipo mwana yemweyo ndiye akufa ndi chipolopolo kuphanga kumene adabisala. Wina akuwononga ana a eni chifukwa wake alibe, wina akutaya wake pofuna kumukonzera tsogolo. Wophunzira amene wafika pa mfundo imeneyi akadali kunyumba, funso libwere la dyera, la banja, la tsoka, kaya la ulamuliro, sangasowe pogwira.

Musaiwalenso kuti limodzi ndi sewero, linalo ndi nkhani yosimbidwa. Ambiri amalemba za Macbeth ndi Kino ngati anthu enieni amene mbiri yawo adaimva pamsika, kuiwala kuti pali mlembi amene adasankha njira yotionetsera anthuwo. Pa siteji palibe wosimba nkhani, choncho Shakespeare amamuimika Macbeth yekha kuti atulutse za kumtima mokweza, aone mpeni m'malere, aone mzukwa wa Banquo paphwando. Kino ndi munthu wa mawu ochepa. Steinbeck amatilowetsa mumtima mwake kudzera m'nyimbo zimene iye amazimva m'mutu, ya banja pakakhala mtendere, ya choipa adani akayandikira. Ntchito ndi imodzi, yoonetsa za mkati mwa munthu, koma alembi awiri aigwira mosiyana chifukwa zida zawo n'zosiyana. Ndime imodzi yotere imamuuza wochonga kuti mwana uyu akudziwa kuti akuyankha za luso la kalembedwe.

Kwa inu a ku yunivesite, kapena aliyense amene angapatsidwe buku lathu lino ndi la dziko lina, pali funso linanso: adalemba ndani, liti, akulembera yani? Taganizirani za Nthondo la Samuel Josia Ntara ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe. Onse awiri akusimba za mwamuna wa kumudzi pa nthawi imene Chikhristu chikufika kwawo. Nthondo, mwana wovuta uja, akukula, akuyenda, akukhala mfumu, ndipo pamapeto akulandira chipembedzo chatsopanocho. M'bukumo kumeneko ndiko kupulumuka kwake. Okonkwo wa ku Umuofia akuona mwana wake Nwoye akutsata amishonale, akupha mesenjala wa boma la atsamunda, n'kudzimangirira. Wosafuna kudzivutitsa amangoti mmodzi adatembenuka, wina adakana. Koma Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo buku lake lidatuluka mu 1933 litapata mphoto pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Mu 1934 mmishonale T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Achebe adatulutsa lake mu 1958, kutatsala zaka ziwiri kuti Nigeria ilandire ufulu, akuyankha Azungu amene ankalemba za Africa ngati malo opanda mwambo ndi malamulo. Zaka 25 zimene zili pakati pa mabuku awiriwa, pamodzi ndi malo amene mlembi aliyense adaima, zikuthandiza kumasula chifukwa chimene mathero ake akusiyanira.

Koma chenjerani. Mbiri ya mlembi si yodzazira tsamba. Ilowe pokhapokha pamene ikufotokoza kusiyana kumene mwakuonetsa kale kuchokera m'buku. Kutsegula chimangirizo ndi kubadwa kwa Shakespeare ku Stratford n'kutaya mphindi zimene mudzazilira kumapeto.

Tsono mukonzekere motani? Tengani pepala lalikulu limodzi, mudule mzere pakati, buku ili kumanzere, ilo kumanja. M'mphepete mulembe mafunso anu, osati mitu ya machaputala: akufuna chiyani, akumuletsa ndani, akutayapo chiyani, mlembi akutionetsa motani, nkhani ikutha bwanji. Funso lililonse liyankhidwe uku ndi uku, ndipo pambali pa yankho pakhale chochitika chenicheni cha m'buku. Mukapeza mpata wopanda kanthu, mwadziwa pamene muyenera kukatsegulanso buku. Kenaka bisani pepalalo, mulilembenso kuchokera m'mutu. Kuwerenga manotsi mobwerezabwereza kumanyenga: maso akazolowera tsamba mtima umayesa kuti wadziwa, koma tsiku la mayeso tsambalo kulibe. Chimene mwachikumbuka buku lili chitsekere ndicho mwachidziwa.

Pepala limeneli lidzakuululiraninso chinthu china, choti mbali imodzi ikudzaza msanga kuposa inzake. Aliyense ali ndi buku limene amalikonda, ndipo cholembera chimathamangira komweko. The Pearl n'lalifupi, Chingerezi chake n'chofewa, pamene cha Macbeth n'cha zaka 400 zapitazo ndipo chimafuna kudekha. Nthawi yanu yambiri ipite ku buku limene mumalizemba. Ndipo liwerengeni lenilenilo. Timabuku ta chidule ndi makanema a pa foni zingakukumbutseni nkhani, koma tizinthu ting'onoting'ono ngati kayendedwe ka Juana kaja timapezeka m'buku mwenimwenimo.

Pepalalo ntchito yake ithere kunyumba. Za likasa ndi za mafunso amene akuti atuluka pa WhatsApp musazitchere khutu. Mu 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adakalembanso mu Januwale 2021. Kuloweza chimangirizo chathunthu cha m'kabuku ka mayankho nakonso n'kudzinamiza. Funso likasintha mawu awiri okha, cholowezacho chimayankha funso la chaka china, ndipo wochonga amazindikira pa ndime yoyamba pomwe. Zoloweza zikhale mawu ochepa a mlembi, afupiafupi, oti angagwire ntchito pa mafunso angapo. Ngati simukuwakumbuka bwino musawaike m'zizindikiro za mawu a mwini. Fotokozani chochitikacho m'mawu anu, mutchule amene adachita ndi pamene adachitira. Umboni wolondola wa m'mawu anu umaposa mawu opotoka oikidwa m'kamwa mwa Shakespeare.

Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, osati gulu la anthu khumi limene limathera pa nkhani za mpira, muzitsutsana. Wina anene kuti Kino adadziphera yekha mwana, wina amuikire kumbuyo, mawa lake musinthane mbali. Mfundo imene yapirira mnzanu wamakani idzapiriranso wochonga.

Ndiye pali dzanja. Ana a masiku ano chala chachikulu n'cholimba ndi foni, koma dzanja la bolopeni n'lofooka. Kulemba masamba atatu kapena anayi osapuma ndi ntchito ya minofu, ndipo minofu imafuna kuzolowera. Tengani mafunso a zaka zam'mbuyo, funsani aphunzitsi nthawi imene funso lotere limapatsidwa pa pepala lanu, ikani wotchi patebulo, tsekani mabuku, lembani. Nthawi ikakwana ikani cholembera pansi ngakhale muli pakati pa chiganizo. Ulendo woyamba mudzakhumudwa, chifukwa pa mfundo zisanu ndi imodzi zimene mumafuna kulemba padzakwana zitatu zokha. Kukhumudwako n'kwabwino. Mwadziwa liwiro la dzanja lanu, ndipo kuyambira pamenepo muzikonza chimangirizo cha msinkhu wanu. Masiku ena musachite kulemba chonse. Ingotengani funso, mudzipatse mphindi 5, mukonze chigamulo ndi mfundo zitatu, mutengenso lina. Madzulo amodzi mukhoza kuyesa mafunso ambiri motero, ndipo mudzaona kuti mfundo zanu za pa pepala lija zikutembenuzika mosavuta kuti ziyang'ane funso lililonse.

Tsiku likafika, yambani ndi masamu. Onani malikisi a funso lililonse, gawani nthawi molingana ndi malikisiwo, mulembe penapake nthawi imene muyenera kuchoka pa funso lililonse. Ikakwana, chokani. Malikisi oyamba a funso latsopano amapezeka mosavuta kuposa omaliza a funso limene mwalembapo kale masamba atatu. Ndaonapo ana akulemba chimangirizo chokoma zedi pa funso loyamba, pa lachiwiri n'kusiya mutu wokha. Mwana wotero walephera chifukwa cha wotchi, osati chifukwa cha buku.

Tiyerekeze kuti funso lanu mwaligawira mphindi 45. Mphindi 8 kapena 10 zoyambirira musayambe chimangirizo. Ndikudziwa kuti n'zowawa: anzanu zolembera zikuthamanga, inu mukuoneka ngati mwasowa chonena. Limbani mtima. Werengani funso kawiri, mudule mzere kunsi kwa mawu amene akukumangani. Ngati likufunsa za akazi, Duncan ndi dokotala uja alowe pokhapokha ngati akuthandiza nkhani ya akaziwo. Ngati likufunsa kuti mukugwirizana ndi ganizo linalake mpaka pati, likufuna muime penapake, osati kuvomera zonse. Kenaka lembani chigamulo chanu m'chiganizo chimodzi chotchula mabuku onse awiri, ndi mfundo zitatu kapena zinayi zochichirikiza, iliyonse ndi umboni wa mbali zonse. Mfundo imene ili ndi umboni wa buku limodzi lokha isiyeni, ngakhale ikome chotani, pokhapokha ngati kusowa kwake m'buku linalo ndiko mukufuna kuonetsa, monga kusowa mwana kwa Macbeth kuja.

Chiyambi chikhale chachifupi: mabuku, alembi ake, chigamulo chanu. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mabuku anu ayambire limodzi m'ndime yoyamba ndipo ayendere limodzi mpaka kumapeto. Ndime iliyonse itsegulidwe ndi mfundo, osati ndi dzina la buku. Pabwere umboni wa buku ili, umboni wa ilo, kenaka inu munenepo. Njira imeneyi imakutetezaninso ku wotchi. Amene amayamba wamaliza buku limodzi, nthawi ikamuthera amapereka yankho lopanda kufananitsa kulikonse. Inu ikakutherani pa ndime yachitatu, ndime zitatu zonsezo zayankha funso.

Mawu olumikizira monga "pamene", "chimodzimodzinso", "mosiyana ndi", kapena anzake a m'Chingerezi ngati pepala ndi la Chingerezi, ndi othandiza, koma paokha sakwanira. Mukanena kuti Lady Macbeth adakankha pamene Juana adakoka, onjezani chiganizo chonena kuti kusiyanako kukutiuza chiyani pa funso limene mwafunsidwa. Chiganizo chimenecho ndicho ana ambiri amachidumpha, chonsecho malikisi apamwamba agona pomwepo.

Mphindi 5 zomaliza werengani zimene mwalemba. Onani maina, chifukwa Malcolm ndi Macduff amasokonezeka munthu akamathamanga, Juana ndi Juan Tomás chimodzimodzi. Onani ngati nambala ya funso mwaika yolondola. Mukaona kuti nthawi yatha mfundo ina isanalembedwe, iponyenipo mwachidule m'mizere iwiri ndi umboni wake, poti wochonga sangapereke malikisi pa zimene zatsalira m'mutu mwanu. Ndipo lembani zooneka. Munthu amene ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake sangakhale akulimbana ndi chilembo chimodzi kuti adziwe ngati ndi "a" kapena "o".

Musadikire sabata ya mayeso, ana anga. Loweruka likubwerali tengani mabuku anu awiri, dulani mzere pa pepala, dzazani mbali zonse, kenaka lembani chimangirizo chimodzi wotchi ili patsogolo panu. Lolemba mukapereke kwa aphunzitsi anu, ndipo muwapemphe kuti asangoikapo malikisi, koma akulozereni ndime iliyonse imene mwasiya buku limodzi likuyankhula lokha.